Giya ya njinga ya dirt jump: pakati pa 32/16, 28/13 ndi 32/14 musankhe iti?

Njinga ya dirt jump, yomwe ndi yodumphira zitunda za dothi, kawirikawiri imakhala ndi giya imodzi yokha, ndipo giyayo imagwira ntchito kwa kamphindi kochepa kwambiri. Mukaima poyambira mumaponda mapedulo kangapo, kenako mapazi amaima molingana, lina kutsogolo lina kumbuyo, uku tayala lakutsogolo likukwera kale chitunda chonyamukira. Kuchoka apo mpaka kumapeto kwa mzere wa zitunda simupalasanso. Liwiro lotsalalo limachokera m'mikono ndi m'mawondo, pokankhira njinga pansi mukangotera, kumene okwera amati kupopa. Choncho giya yabwino ndi imene imakufikitsani pa chitunda choyamba muli ndi liwiro lokwanira komanso mapazi atakhazikika. Zina zonse zimabwera pambuyo pa chimenechi.

Njinga yanga yoyamba yamtunduwu inabwera ndi mano 32 kutsogolo ndi 16 kumbuyo. Kumene timasewera, m'kankhalango ka bulugamu momwe tinaumba zitunda ndi makasu ndi mafosholo athu, pothamangira pake ndi potsetsereka pang'ono, mamita osapitirira 25. Poyamba zinkayenda bwino, koma ndikafika pakati miyendo inkangozungulira popanda chogwira, ngati tcheni chaguluka. Ndinkafika pa chitunda thupi likugwedezeka, liwiro lili loperewera. Tsiku lina tayala lakumbuyo linamenya pamphumi pa chitunda chotera kuti khu, limu n'kupindika, ndipo akakolo anandiwawa sabata yathunthu. Ndinachotsa 16 uja n'kuikapo 14, vuto la mzere umenewo n'kutheratu. Koma mzere wathu wachiwiri umayambira pamalo athyathyathya mukangotuluka pakhona, ndipo pamenepo 14 anandilemera: ndinkaponda ndi mphamvu zonse, njinga ikunyamuka mwaulesi, chitunda n'kundipeza ndisanatenge liwiro. Sipuloketi (chitsulo cha mano chomwe tcheni chimayendapo) ya mano 15 ndi imene inathetsa mkanganowo. Dzino limodzi lokha.

Kawerengedwe kake

Manambala awiri olembedwa ngati 32/16 ndi mano a sipuloketi yakutsogolo ndi a yakumbuyo. Mukagawa yoyamba ndi yachiwiri mumadziwa kuti tayala limazungulira kangati mapedulo akazungulira kamodzi. Pa 32/16 limazungulira kawiri. Koma nambala imeneyi payokha imanamiza, chifukwa tayala lalikulu likazungulira kamodzi limapita patali kuposa laling'ono. N'chifukwa chake yankholo amalichulukitsa ndi kukula kwa tayala m'mainchesi. Kawerengedweka ndi kakale, ka nthawi ya njinga za m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 zomwe mapedulo ake ankamangidwa pa tayala lalikulu lakutsogolo. Giya ya mainchesi 52 ikutanthauza kuti mukupalasa ngati kuti mwakwera njinga yoteroyo ya tayala la mainchesi 52.

Anthu a BMX, tinjinga ta matayala aang'ono todumphira, anaipeza kalekale nambala yomwe imakomera thupi podumpha. Kwa zaka zambiri ankakwera 44/16 pa tayala la mainchesi 20, zomwe zimapereka 55. Atayamba kuchepetsa masipuloketi anasamukira ku 25/9, yomwe imapereka 55.6, kutanthauza kuti chitsulo chinachepa koma kulemera kwa pedulo sikunasinthe. Njinga zambiri za dirt jump zili ndi matayala a mainchesi 26, ndiye kuti mufike pa 55 pafunika kuti tayala lizizungulira kawiri ndi pang'ono, cha m'ma 2.1, pa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo.

Amene anazolowera njinga yakapalasa yamtundu wa kabaza adzaona kuti giya imeneyi ndi yopepuka modabwitsa. Mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo pa tayala la mainchesi 28 amapereka 68. Imeneyo ndi giya ya ulendo wautali, yoti munthu azipalasa mofatsa ola lathunthu. Ya dirt jump ndi yonyamukira msanga pamtunda waufupi.

Zopepuka: 32/16, 28/14 ndi 25/12

Ziwiri zoyambazo zimapereka 52, ndipo 25/12 imapereka 54. Pa 52, mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita 4.15. Ubwino wake mumaumva pa kuponda koyamba penipeni: njinga imangoti fwaa kutsogolo ngakhale munaima chilili. Ngati pothamangira panu ndi pafupi, pathyathyathya kapena pokwera pang'ono, palibe giya yoposa izi. Zimathandizanso amene amasewera kwambiri pa skatepark (bwalo lomangidwira masewera odumpha) kapena m'misewu ya m'tauni, komwe mumafuna kuponda kamodzi kuti tayala lakutsogolo lidzuke, komanso achinyamata amene miyendo yawo sinakhwime.

Kuipa kwake ndi kumene ndafotokoza kale. Mukamazungulitsa mapedulo ka 100 pa mphindi, komwe ndi kothamanga ndithu kwa munthu woimirira chishalo chili pansi, 32/16 imakupatsani liwiro la makilomita 25 pa ola. Chitunda chikafuna liwiro loposa pamenepo, mumayamba kupalasa mwaphuma, njinga ikupendekera uku ndi uku, pa nthawi imene mumayenera kukhala mutadekha maso ali pamlomo pa chitunda. Ndipo ngati kumalo osewerera mumapita pa njinga yomweyo, makilomita asanu pa 32/16 ndi aatali kwabasi.

Zapakati: 32/15, 30/14, 28/13 ndi 26/12

Izi zonse zili pakati pa 55 ndi 57: 32/15 ndi 55.5, 30/14 ndi 55.7, 28/13 ndi 56, ndipo 26/12 ndi 56.3. M'miyendo simungazisiyanitse. Apa ndi pamene ndimalangiza munthu aliyense kuti ayambire ngati sanadziwe chomwe malo ake akufuna. Kuzungulira kumodzi kumakupititsani mamita pafupifupi 4.4, ndipo pa kuzungulira ka 100 pa mphindi muli pa makilomita 26 ndi theka pa ola. Kunyamuka sikuvuta, komanso pedulo imakhalabe ndi chogwira mpaka kuponda komaliza.

Pali chinthu china chimene anthu sachiganizira poyerekeza magiya, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa liwiro. Tiyerekeze kuti muli ndi mamita 20 opalasa musanaimitse mapazi. Pa 32/16 mapedulo azungulira pafupifupi kasanu, pa 32/15 kanayi ndi theka, pa 32/14 kanayi ndi pang'ono. Kusiyana kwa theka la kuzungulira ndi kumene kumachititsa kuti mufike phazi lanu lozolowera lili kutsogolo, kapena mufike lili kumbuyo n'kuyamba kubweza mapedulo chitunda chili pamphuno. Wokwera aliyense ali ndi phazi lomwe amaliika patsogolo, ndipo kudumpha ndi phazi lolakwika kumamveka ngati kulemba ndi dzanja lomwe simulembera. Pamalo omwe mumasewera tsiku ndi tsiku, giya yoyenera ndi imene kuponda kwake komaliza kumathera pa phazi lanulo, patatsala mamita awiri kapena atatu oti mupume.

Zolemera: 25/11, 32/14, 30/13 ndi 28/12

Izi zimayambira pa 59 kufika pafupifupi 61. Okwera amphamvu ambiri amazikonda, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Pamene poyambira pali potsetsereka, phirilo limakuchitirani ntchito yonyamula njinga, ndipo chomwe mukufuna ndi kuponda kuwiri kapena kutatu kogwira mtima njinga ili kale pa liwiro. Giya yopepuka pamalo otero imangozungulira mphepo. Pa 32/14 kuzungulira kumodzi ndi mamita 4.74, ndipo pa ka 100 pa mphindi mwadutsa makilomita 28 pa ola. Ngati mwatera moperewera pakati pa mzere ndipo mukufuna kuba kuponda kumodzi musanafike pa chitunda chotsatira, ndi giya yolemera yokha yomwe ingakupatseni kanthu pa theka la kuzungulira.

Mtengo wake mumalipira ponyamuka. Pothamangira pakafupika, kapena dothi likakhala lofewa mvula itangogwa kumene, giya ya mainchesi 60 imalemera. Ine ndimaisankha pokhapokha zinthu ziwiri zitakumana: zitunda zazikulu zoyambira pamtsetse, ndi ulendo wapamsewu wopita kumeneko.

Malo odziwika a masewerawa, monga Gorge Road ku Queenstown m'dziko la New Zealand kapena La Poma kufupi ndi Barcelona, mizere yake anaiumba moti liwiro lizichokera pa kutsetsereka ndi kupopa. Pa mpikisano wa slopestyle (wodumpha zitunda zikuluzikulu moonetsa luso) wa Crankworx ku Whistler m'dziko la Canada, okwera amatsika ndi phiri kuchokera pamwamba. Ndiye musatengere giya ya katswiri amene mwamuona pa YouTube ngati inu mumayambira pabwalo lathyathyathya. Pa pump track, njira ya timitunda yoyendamo mwa kupopa, monga ya phula ya ku Roma m'dziko la Lesotho, giya ilibe ntchito kwenikweni mukangolowa m'njira, moti iliyonse mwa zimene tatchulazi ikwanira.

Msampha wa 25/9

Uwu ndiutchule pawokha chifukwa wagwira anthu ambiri ochokera ku BMX. Munthu anazolowera 25/9, wagula njinga ya matayala a 26, n'kuikapo manambala omwewo. Pa tayala la 26, 25/9 imapereka 72, kuposa ngakhale njinga ya kabaza ija. Nayonso 25/10 imapereka 65, yomwe ndi yolemerabe kwa anthu ambiri. Ngati habu yanu ili ndi mano 9 osasinthika, kuti mufike cha m'ma 55 pafunika sipuloketi yakutsogolo ya mano 19, yaing'ono mopitirira muyeso. N'kwabwino kusintha kumbuyoko.

Amene ali ndi matayala a mainchesi 24 masamu awo ndi ena: 32/14 imapereka 54.9, 25/11 imapereka 54.5, ndipo 28/12 imapereka 56. Zomwe ndi zolemera pa 26 zimakhala zapakati pa 24.

Masipuloketi aakulu kapena aang'ono?

Mukasankha kulemera kwa giya, patsala funso lachiwiri: 32/15, 28/13 kapena 25/12, poti zonse zimamveka pafupifupi chimodzimodzi? Apa pali zambiri zoti tione.

Sipuloketi ya mano 32 ndi yotambalala mamilimita pafupifupi 129, ya mano 25 ndi 101. Ndiye yaing'onoyo imatalikira pansi ndi mamilimita 14. Mukatera moperewera njinga n'kukhalira mimba pamphumi pa chitunda, kapena mukakhudza chitsulo cha m'mphepete pa skatepark, mamilimita 14 angapulumutse tcheni ndi mano. Imapepukanso pang'ono, tcheni chimafupika, ndipo njinga imaoneka yaudongo. Izi ndi zomwe zinakopa a BMX kuchoka pa 44 kupita pa 25.

Koma sipuloketi yakutsogolo ikachepa, tcheni chimakokedwa mwamphamvu kwambiri. Munthu wa makilogalamu 70 akaimirira pa pedulo ya kilanki (mkono wa pedulo) ya mamilimita 170, tcheni chimamva ngati chanyamula makilogalamu 184 pa mano 32, koma 235 pa mano 25. Apo ndi kungoimirira chabe, osati kuponda mwaukali ponyamuka. Kumbuyo nakonso, tcheni chimakumbatira pafupifupi theka la sipuloketi, kutanthauza mano 7 pa ya 15 koma 5 kapena 6 pa ya 11. Katundu wochuluka pa mano ochepa amadya mano ndi tcheni msanga. Tcheni chikaduka mukuponda ndi mphamvu zonse kulunjika chitunda, bondo limapita pa mahandulo, ndipo ndinaonapo mnzanga akunyamulidwa pa chifukwa chomwechi. Kuyambira pamenepo sindiona masipuloketi aang'ono kwambiri ngati chinthu chongokongoletsa njinga.

N'chifukwa chake ndimakonda 28/13 ndi 30/14. Zimakupatsani malo okwanira pansi popanda kuzunza tcheni. Koma kunena zoona, nthawi zambiri zipangizo zimene muli nazo kale ndi zomwe zimakusankhirani. Habu ya kaseti (yomwe masipuloketi amangolowetsedwapo, osati kupotokola) yamtundu wa Shimano HG silola sipuloketi yochepera mano 11, ndipo masipuloketi a giya imodzi okwana pamenepo amapezeka mosavuta kuyambira 12 kapena 13 kupita m'mwamba. Mano 9 ndi 10 amafuna habu yamtundu wa BMX. Fuliwilo yachizolowezi yopotokola, yomwe mungaipeze kwa amakaniko a njinga pamsika uliwonse, imayambira pa mano 16. Kutsogolo, kilanki ya mabawuti anayi ya muyeso wa 104 (kutambalala kwa mzere wa mabawutiwo m'mamilimita) imalandira mano 32, ndipo pali zina zapadera za 30, koma kutsika kuposa apo sikutheka. Kuti muike 28 kapena 25 kawirikawiri pamafunika kilanki yamtundu wa BMX kapena yomwe sipuloketi imamangidwa pa kilanki penipeni. Ngati muli ndi 32 kale, musataye ndalama kusintha kilanki yonse: gulani 15 wakumbuyo, mwamaliza.

Onetsetsaninso kunenepa kwa tcheni. Cha 1/8 ya inchi chimayenda pa mano a 1/8 ndi a 3/32 omwe, koma cha 3/32 sichikwana pa mano a 1/8.

Pamene tayala lidzakhale

Felemu zambiri za dirt jump zili ndi timipata topingasa kumbuyo, momwe ekiselo imasunthira kutsogolo kapena kumbuyo pokunga tcheni. Ndiye mukasintha giya mwasunthanso tayala, ndipo tayala likasuntha njinga imasintha khalidwe. Likayandikira kutsogolo, kudzutsa tayala lakutsogolo ndi kuzungulira m'mwamba kumaphweka. Likapita kumbuyo, njinga imakhazikika pa liwiro lalikulu koma imauma pang'ono.

Masamu ake ndi osavuta kusunga pamtima. Dzino limodzi, kaya kutsogolo kaya kumbuyo, limasuntha ekiselo mamilimita pafupifupi 3. Mukachotsa dzino tayala limabwerera kumbuyo, mukawonjezera limabwera kutsogolo. Mfundo yathunthu ya tcheni, yamkati ndi yakunja pamodzi, imasuntha ekiselo mamilimita 12.7, ndipo hafu linki, yomwe ndi theka la mfundo, imasuntha theka lake. Choncho mano anayi amalingana ndi mfundo imodzi. Kuchoka pa 32/16 kupita pa 30/14 mwachotsa mano anayi. Dulani mfundo imodzi, tayala likhala pomwe linali. Koma kuchoka pa 32/16 kupita pa 32/15 tayala libwerera kumbuyo mamilimita 3, ndipo ngati linali kale kumapeto kwa kampata, mudzafunika hafu linki. Ine ndimasunga imodzi m'thumba la masipanala nthawi zonse, chifukwa ndi kachitsulo kotsika mtengo komwe kamalola giya yomwe mukufuna kukwana pamalo omwe mukufuna. Mukasuntha tayala, yang'ananinso buleki ya disiki ngati ikugwirabe pakati bwino.

Kutalika kwa kilanki kumalowanso m'nkhaniyi, ngakhale sikuoneka m'masamu a mainchesi. Kilanki ya mamilimita 165 ndi yaifupi ndi 6 peresenti poyerekeza ndi ya 175, ndipo giya yomweyo imamveka yolemera ndi muyeso womwewo. Kumeneko ndi pafupifupi kusiyana kwa 15 ndi 14 kumbuyo. Mukafupikitsa kilanki n'kuona ngati njinga yalemera, simukulota ayi.

Kuyesa musanagule

Njira yotsika mtengo yodziwira nambala yanu ndi kubwereka njinga ya magiya ya matayala a 26, yomwe sisowa kwathu chifukwa zakaunjika zambiri ndi zamtundu umenewu. Werengani mano a sipuloketi yapakati kutsogolo. Pa zambiri ndi 32, pa zina 34 kapena 38. Werenganinso akumbuyo. Tsitsani chishalo mpaka pansi, imani poyambira panu penipeni, ndipo thamangani mpaka pamene mumaimitsa mapazi, osadumpha. Bwerezani katatu pa giya iliyonse, mukuwerenga kuponda kwanu ndi kuona phazi lomwe likuthera kutsogolo. Giya imene mwafika nayo mutadekha, iwerengereni mainchesi ake, kenako fufuzani manambala ofanana nayo omwe angakwane pa habu ndi kilanki yanu.

Kwa amene akusandutsa njinga yakale kukhala ya giya imodzi pogwiritsa fuliwilo ya pamsika, 34/16 imapereka 55.3, 38/18 imapereka 54.9, ndipo 36/16 imapereka 58.5 ngati mukufuna yolemerako. Felemu zotere kawirikawiri zili ndi timipata toloza pansi, momwe tayala silisuntha, ndiye pafunika kachipangizo kokunga tcheni kapena kusiya dirayila yakale itamangidwa pamzere umodzi. Dziwaninso kuti felemu ndi foloko za njinga wamba sanazipangire kutera mobwerezabwereza, choncho zitunda zikhale zazing'ono, chipewa chikhale kumutu, ndipo muziyang'ana ming'alu mowotcherera pafupi ndi khosi la felemu.

Panjinga yanga pano pali 28/13, kilanki ya 170, ndi hafu linki imodzi yomwe imasunga tayala pafupi ndi kutsogolo kwa kampata. Sipuloketi ya 12 ili m'thumba pamodzi ndi sipanala, ndipo ndimaiika m'miyezi ya chilimwe dothi likauma kuti gwa, mzere wathu waukulu ukayamba kuthamanga.